Mwana wandifunsa: "Bwanji Mulungu sanapezere Mwana wake bedi?"

NaMbewe25
Abale anga m'gululi, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa Sande Sukulu, ndipo chaka chino andipatsa udindo wokonza sewero la Khirisimasi. Loweruka lapitali tinkayeserera kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa mango. Ndinabwera ndi beseni lakale lamalata, lobooka pansi, n'kuikamo udzu wouma kuti likhale modyera ng'ombe. Kamtsikana ka zaka 8 kamene kakusewera ngati mngelo kanaliyang'anitsitsa, kenako kanati: "Aphunzitsi, munatiuza kuti dziko lonse ndi la Mulungu. Nanga analephera bwanji kumupezera Mwana wake bedi?" Ine ndinati Yesu anali wodzichepetsa. Iko kanati, "Khanda limadziwa kudzichepetsa?" Ndinasowa chonena.

Vuto lachiwiri ndi lakuti amayi a komiti akufuna tichotse besenilo, tiike kabedi ka mwana ka neti yoyera. Akuti kubwera alendo olemekezeka ndipo beseni lobooka lichititsa manyazi mpingo. Mtima wanga sukuvomera, koma ndilibe mawu okwanira oti ndiwayankhe. Kodi khola lija limatanthauza chiyani kwenikweni?

Mkwapatira
Beseni lisachoke. Mukaika kabedi ka neti ndiye kuti mwalemba Uthenga Wabwino wanuwanu.

Mai_Tadala
A Mkwapatira, musawaweruze msanga amayiwo. Kwathu kuno mlendo wolemekezeka timamuyalira mphasa yatsopano, timamuphera nkhuku ngakhale itatsala imodzi. Amayi aja akufuna kumuchitira Yesu ulemu m'njira imene anakula nayo. Akulakwitsa, inde, koma mtima wawo si woipa.

MphunzitsiWakale
Mayi NaMbewe, mwanayo wafunsa funso lenileni, musamuchititse manyazi. Tengani Luka 2 muwerenge pang'onopang'ono, muona kuti modyera ng'ombe mwatchulidwa katatu: pa vesi 7, pa vesi 12 ndi pa vesi 16. Luka sabwereza zinthu mwachisawawa. Pa vesi 12 mngelo akuuza abusa kuti chimenechi ndicho chizindikiro chawo. Kukulunga khanda m'nsalu mayi aliyense wa nthawi imeneyo ankachita, ndiye nsalu pazokha sizikanawathandiza kusiyanitsa mwanayu ndi makanda ena a m'Betelehemu. Chosiyanitsa chinali pamene anagonekedwa.

Tsopano ganizirani izi. Pamtunda wa makilomita 5 okha kuchokera ku Betelehemu, Herode anali atamanga nyumba yake yachifumu pamwamba pa phiri, malo amene lero amatchedwa Herodium. Phirilo limaoneka uli ku Betelehemu. Mwana akanabadwira kumeneko, abusa aja akanalowa bwanji? Usiku, atavala zovala zakutchire, akununkha nkhosa, akanangofika pachipata n'kubwezedwa ndi asilikali. Koma malo odyera ziweto amenewo ndi kwawo. Sanafunikire kusamba, sanafunikire wowaperekeza. Luka akuti anapita mofulumira.

Ndiye mwanayo mumuuze kuti akunena zoona, khanda silisankha pogona. Amene anasankha ndi Mulungu, ndipo sanalephere kupeza bedi. Anafuna malo amene munthu wotsikitsitsa angathe kufikapo popanda womuletsa.

KuDamboChikwawa
Aphunzitsi, mwandikhudza pachilonda. Ine ndinadyetsa ng'ombe za eni ake kuyambira ndili ndi zaka 9 mpaka 15, kumunsi kuno ku Chikwawa. Dzuwa la kuno mukulidziwa. Mapazi anali ong'ambika, malaya amodzi, fungo la ndowe silinkachoka ngakhale usambe mumtsinje. Ndikapita kutchalitchi ndinkakhala benchi yomaliza pafupi ndi khomo, chifukwa ana anzanga ankasuntha ndikakhala pafupi nawo. Tsiku lina pa Khirisimasi akuwerenga za abusa, ndinkaganiza kuti akunena Abusa a mpingo, ovala kolala. Nditakula m'pamene ndinazindikira kuti akunena anyamata ngati ine. Ndinalira, sindinama. M'Chichewa mawu ndi amodzi, ndiye ana ambiri amasokonezeka. Mayi NaMbewe, chonde ana amene akusewera ngati abusa musawaveke mikanjo yoyera. Avale zong'ambika, agwire zikwapu.

NaMbewe25
Achimwene a kuDambo, zikomo kwambiri. Mikanjo ndinali nditabwereka kale kukwaya. Ndikabweza.

Wofufuza_Zomba
Ndiwonjezere china chimene chingasinthe sewero lanu. Ambiri timaika munthu woipa mtima, mwini nyumba ya alendo, amene amatseka chitseko n'kunena kuti malo atha. Munthu ameneyu mwa Luka mulibe. Mawu a Chigiriki amene Baibulo lathu limati "nyumba ya alendo" ndi *kataluma*. Luka yemweyo akugwiritsanso mawu amenewa pa 22:11, ponena za chipinda chimene Yesu anadyera Paskha ndi ophunzira ake. Koma pa 10:34, pamene Msamariya wachifundo akupita ndi munthu wovulala kumalo ogona olipira, Luka akugwiritsa mawu ena, *pandocheion*. Choncho akatswiri ambiri amati *kataluma* ya pa 2:7 chinali chipinda cha alendo cha m'nyumba ya banja.

Nyumba za anthu wamba kumeneko zinkakhala ndi mbali yotsika pafupi ndi khomo, kumene ziweto zinkalowetsedwa usiku, ndi mbali yokwera kumene banja linkagona. Modyera ziweto munkakhala m'nyumba momwemo. Yosefe anali wa banja la Davide ndipo anabwera kumudzi kwa makolo ake chifukwa cha kalembera wa Kaisara Augusto. Zikuoneka kuti abale anali atadzaza chipinda cha alendo, ndiye Mariya anachirira mbali ya banja, mwana n'kugonekedwa m'chodyera chimene chinali pafupi. Komanso ng'ombe ndi bulu zimene timajambula zija Luka sanazitchule.

Mkwapatira
Sanazitchule bwanji? Baibulo langa likuti modyera NG'OMBE. Ng'ombe ndi imeneyo.

Wofufuza_Zomba
Omasulira anaika "ng'ombe" kuti ife timve, bambo. Mawu oyambirira amangotanthauza chodyeramo ziweto. Ng'ombe ndi bulu Akhristu akale anazitenga pa Yesaya 1:3, pamene mneneri akudandaula kuti ng'ombe imadziwa mwini wake ndipo bulu amadziwa modyera mwa mbuye wake, koma Israele sadziwa.

Mkwapatira
Inu ophunzira mumachotsa chilichonse. Lero khola kulibe, mawa muti mngelo kunalibe. Ine agogo anga anamwalira akuimba za khola.

GogoNachisale
Mwana wanga Mkwapatira, khazika mtima pansi. Zimene akunena a ku Zomba ine ndazimva bwino kuposa za hotela zija. Ndinakulira kumudzi ku Dedza, ndipo mbuzi zathu zinkagona m'nyumba momwemo chifukwa cha afisi. Atate anakhoma zikhomo pakona, mbuzi n'kumamangidwa pamenepo. Nkhuku zinkagona kuseri kwa chitseko. Usiku unkamva mbuzi zikubzikula, m'mawa amayi n'kusesa zitosi tisanadzuke. Nyumba inali khola, khola linali nyumba. Ndiye agogo ako sananame ayi.

Chimene chinkandivuta ine pa masewero a ana n'chakuti amaika Mariya yekha ndi Yosefe. Mudzi wanji umene mtsikana wa mimba yoyamba angayambe kumva kupweteka, ntchembere n'kungokhala? Kwathu amuna ankatulutsidwa panja, azamba ndi ntchembere n'kulowa, ndipo mayi ankakhala m'chikuta mpaka mchombo wa mwana utagwa. Baibulo silinena amene anamuthandiza Mariya, ndiye sindiwonjezera. Koma ndikamva kuti inali nyumba ya abale yodzaza, mtima wanga umakhala pansi. Anthu osauka anapanikizana n'kupereka malo amene anali nawo.

Mkwapatira
Agogo, kwa inu ndamva. Koma fungo la mbuzi likhalepo ndithu m'nkhaniyi, asalichotse.

KatekisiWaKuthengo
Silichoka, bambo. Ndipo pali mwambo wina wakale kwambiri umene umati malowo anali phanga. Justin Martyr, mlembi wachikhristu amene anabadwira ku Samariya ndipo ankalemba cha m'ma 150, ananena za phanga pafupi ndi mudzi wa Betelehemu. Zimenezi sizitsutsana kwenikweni ndi za a Wofufuza, chifukwa m'mapiri a kumeneko anthu ankamanga nyumba kutsogolo kwa phanga n'kumasunga ziweto m'katimo. Pamwamba pa phanga limenelo mfumu Constantine inamangitsa tchalitchi chimene chinapatulidwa mu 339, ndipo mfumu Justinian inachimanganso m'zaka za m'ma 500. Chilipo mpaka lero. Khomo lake lalikulu analichepetsa kalekale kuti anthu asamalowe ndi akavalo ndi ngolo, moti lero silikwana mita imodzi ndi theka. Kaya ndiwe bishopu kaya pulezidenti, umalowa chowerama.

Koma Mayi NaMbewe, nkhani imene ikukhudza komiti yanu ndi iyi. Jerome Woyera, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini, anakhala ku Betelehemu zaka zoposa 30 mpaka anamwalira mu 420. Pa ulaliki wake wina wa Khirisimasi anadandaula kuti Akhristu, pofuna kulemekeza Yesu, anachotsa chodyera chadothi chija n'kuikapo chasiliva. Iye anati kwa iye chamtengo wapatali chinali chadothi chimene anachotsacho. Sanawanyoze amene anachita zimenezo, anadziwa kuti anachita mwaulemu, koma mtima wake unalira. Mkangano wa beseni ndi kabedi ka neti unayamba kale.

Ife Akatolika khola limene timamanga m'tchalitchi timalilumikiza ndi Francis Woyera wa ku Assisi. Mu 1223 ku Greccio, ku Italy, anapempha kuti akonze chodyera ndi udzu, abweretse ng'ombe ndi bulu zamoyo, ndipo Misa inachitikira pomwepo usiku. Cholinga chake chinali choti anthu aone ndi maso awo kusowa kumene khandalo linakumana nako. Kuno kwathu ku Mua osema mitengo amasema Mariya atavala chitenje ndi duku, ndipo ukaona umazindikira kuti mayiyu ukhoza kukumana naye pachitsime.

WodalitsikaJoni
Ndalekerera nthawi yaitali, tsopano ndiyankhule. Ine ulaliki wotamanda umphawi ndinatopa nawo. Ndinachoka kumudzi kubwera ku Johannesburg chifukwa amayi anga ankagona ndi njala mu Januwale ndi Febuluwale chaka chilichonse. Pa Khirisimasi iliyonse ankatiuza kuti Yesu nayenso anali wosauka, pirirani. Amene ankanena zimenezo kwawo kunali mpunga ndi nyama. Umphawi si chiyero. Ndipo musaiwale kuti anzeru a kum'mawa anabwera ndi golide. Mwana wa golide ndi wosauka? 2 Akorinto 8:9 akunena poyera kuti anasauka kuti ife tilemere. Khola linali la usiku umodzi, ife tikufuna kukhalamo moyo wonse.

Mai_Tadala
Achimwene, za amayi anu zandimvetsa chisoni. Zimenezo si zoti munthu angazitsutse.

MphunzitsiWakale
Achimwene a ku Joni, pa mfundo yoyamba ndili nanu. Wokhuta akamauza wanjala kuti pirira chifukwa Yesu anagona pa udzu, ameneyo akugwiritsa ntchito khola ngati chibonga. Mariya mwiniwake pa Luka 1:52-53 sanaimbe kuti anjala apirire. Anaimba kuti Mulungu watsitsa amphamvu pa mipando yawo ndipo wakhutitsa anjala.

Koma pa golide ndikutsutsani. Patatha masiku 40, Yosefe ndi Mariya anapita ku Kachisi, ndipo Luka 2:24 akuti nsembe yawo inali njiwa ziwiri kapena maunda awiri. Tsegulani Levitiko 12. Lamulo linkafuna mwana wa nkhosa, ndipo vesi 8 ikuti mbalame ziwiri ndi za mayi amene sangakwanitse nkhosa. Anthu oopa Mulungu ngati amenewa sakanabisa golide n'kupereka nsembe ya amphawi. Anzeru aja anafika pambuyo pake. Mateyu 2:11 akuti analowa m'nyumba, ndipo Herode anapha ana a zaka ziwiri kutsika m'munsi molingana ndi nthawi imene anzeruwo anamuuza. Golideyo atangofika, banja linathawira ku Igupto. Yesu atakula ananena yekha pa Luka 9:58 kuti nkhandwe zili ndi mauna, mbalame zili ndi zisa, koma iye alibe potsamira mutu. Ndipo anaikidwa m'manda a munthu wina. Sunali usiku umodzi.

Za 2 Akorinto 8, werengani chaputala chonse. Paulo akusonkhetsa thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu. Akuyamikira a ku Makedoniya kuti anapereka ali mu umphawi wadzaoneni, ndipo pa vesi 13 ndi 14 akuti cholinga n'chakuti pakhale kufanana. Vesi 9 ili pakati pa zimenezo. Akuwauza kuti Ambuye wanu anatsika, inunso tsikani mufike kwa mnzanu. Inu mukamatumiza ndalama kwa amayi anu mwezi ndi mwezi, mukuchita za chaputala chimenechi kuposa amene amachilalikira atanyamula envulopu.

WodalitsikaJoni
Za njiwa sindinkazidziwa, ndikawerenga. Koma sindisintha pa mfundo yakuti Mulungu safuna ana ake azivutika. Ine mwana wanga sadzagona pa udzu.

NamwinoWausiku
Ndipo asadzagonepo, achimwene. Ine ndimagwira ntchito kuchipinda chochirira, chipatala sinditchula. Pali usiku wina mabedi amatha, mayi n'kuchirira pansi pa chitenje chake, magetsi atazima, ife tikuunika ndi foni. Palibe chokongola pamenepo. Pali magazi, mantha, ndi khanda limene likufunika kutenthedwa msanga. Nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 ndinathandiza pamsasa wina m'kalasi ya sukulu. Mayi wina anali ndi khanda la masiku atatu, analigoneka m'katoni, pansi atayala juzi ya mwamuna wake amene anali asanapezeke. Ndikamva "modyera ng'ombe" ine ndimaona katoni ija.

Ndiye sindikufuna aliyense anene kuti kubadwira motero n'kwabwino. Chimene ndimagwira ine n'chakuti mayi ujayo nditamuuza kuti Mulungu akudziwa, sindinkanena mawu ongotonthoza. Mwana wake anagonapo pamalo otero. Ndipo ngati analola kupezeka pamenepo, ndiye kuti ine ndikanyalanyaza katoni ija ndamunyalanyaza iyeyo.

WaSabata7
Zonsezi n'zabwino, koma mukukangana za tsiku limene m'Baibulo mulibe. Ndionetseni vesi imene ikuti 25 Disembala.

KatekisiWaKuthengo
Palibe vesi yotero, ndipo palibe akunena kuti ilipo. Umboni wakale kwambiri wa chikondwerero cha pa 25 Disembala ndi wa ku Roma mu 336. Akhristu a ku Armenia amakondwerera pa 6 Januwale, a ku Ethiopia pa 7 Januwale. Tsiku timasiyana, koma Luka 2 ali m'Baibulo lanu ngati mmene alili m'langa.

WaSabata7
Luka 2 sindikukana. Ndikukana kuledzera ndi ngongole zimene anthu amadzitengera m'dzina la tsikulo.

Mai_Tadala
Pamenepo ndiye mwalasa. Mnansi wanga chaka chatha anagulitsa thumba la feteleza kuti agule mpunga, nkhuku ndi zovala za ana. Chimanga chake chinafiira m'munda. Ndipo mpunga wa Kilombero chaka chino wakwera moti sindikudziwa ngati tiulawe.

AchimweneAKasungu
Gulani wa Faya mayi, ana sasiyanitsa bola pakhale supu.

WoyanganiraGulu
Abale, za mpunga tsegulani mutu wina. Mayi NaMbewe akudikirabe.

MwanaWaAngonia
Ndibwerere kwa agogo Nachisale ndi nyumba yodzaza ija. Ine ndinabadwira ku Angonia, ku Mozambique. Mu 1987 nkhondo itafika m'mudzi mwathu tinawoloka malire usiku kulowa ku Ntcheu, ndili ndi zaka 6. M'zaka za nkhondo imeneyo Malawi analandira anthu othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Ife tinafikira kwa azakhali a bambo anga. M'nyumba munali kale mabanja awiri amene anatitsogolera, ndiye ife anatipatsa khitchini. Anasuntha mafuwa, anasesa phulusa, anayala zikopa. Pakona panali nkhuku yofungatira mazira. Mlongo wanga wamng'ono anabadwira m'khitchini imeneyo patatha milungu itatu, ndipo anamugoneka m'lichero.

Azakhali aja sanatikane. Malo analibe, koma anatipatsa chimene chinatsala. Mpaka anamwalira ankapepesa kwa amayi anga chifukwa cha khitchini ija, pamene amayi ankaitchula ngati malo amene anapulumukira. Ndikaganiza za Betelehemu ndimaganiza kuti mwina mwini nyumba uja nayenso ankachita manyazi, osadziwa amene wagona m'chodyera chake. Mayi NaMbewe, amayi a komiti anuwo akuchita manyazi a mtundu womwewo. Muwauze mofatsa.

GogoNachisale
Lichero! Mwana wanga, wandikumbutsa kutali. Mlongo wakoyo ali moyo?

MwanaWaAngonia
Ali moyo agogo, ali ndi ana anayi, amakhala ku Tete.

Wofufuza_Zomba
Chinthu china chimene Akhristu akale ankachiona: dzina lakuti Betelehemu m'Chiheberi limatanthauza nyumba ya mkate, ndipo mwanayo anagonekedwa m'chiwiya cha chakudya. Atakula anadzitcha mkate wa moyo pa Yohane 6:35. Komanso yerekezani Luka 2:7 ndi Luka 23:53. Koyamba akumukulunga m'nsalu n'kumugoneka m'chodyera cha eni ake. Komaliza akumukulunga m'nsalu n'kumugoneka m'manda a eni ake. Izi mwina n'zolemera kwa mwana wa zaka 8, koma kwa komiti zingathandize.

NaMbewe25
Abale, ndabwera kudzakuuzani mmene zayendera. Dzulo madzulo tinakumana ndi komiti. Sindinayambe ndi mavesi. Ndinawawerengera zimene analemba a MwanaWaAngonia ndi a Namwino. Amayi ena achikulire, amene ndiwo ankalimbikira kwambiri za kabedi, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati mwana wawo woyamba anabadwira m'ngolo panjira yopita kuchipatala. Zaka zonsezi sanauzepo munthu mumpingo. Ndiwo anati beseni likhale. Amayi awiri sanagwirizane nazo, akuti alendo adzatiseka, ndipo mmodzi wanena kuti sadzathandiza kukongoletsa. Ndikamuyendera mawa.

Kabedi kaja anali atagula kale. Tagwirizana kuti tikapereke kwa mtsikana wina wa mumpingo amene akuyembekezera mu Januwale ndipo mwamuna anamuthawa.

Kamngelo kanga ndinakauza zimene ananena a MphunzitsiWakale, kuti Mulungu anasankha malo amene abusa akanatha kulowa. Kanaganiza pang'ono n'kufunsa kuti, "Ndiye mafumu aja analowa bwanji, poti iwo ndi olemera?" Ndinati anawerama.

WodalitsikaJoni
Levitiko 12 ndawerenga. Za mbalame n'zoona. Zina tidzakambirananso. Mayi NaMbewe, ndilembereni kumbali, ndikufuna ndithandizeko matewera ndi bulangete la mtsikana woyembekezerayo.

KuDamboChikwawa
Mayi, udzu wa m'besenimo muusunge m'nyumba, mvula yayamba, ukanyowa uchita nkhungu. Ndipo ngati wina ali ndi kamwana ka mbuzi mubwereke, koma mukamangire pa mwendo wa benchi ndipo mnyamata mmodzi akhale nako pafupi, chifukwa kakamva ng'oma za kwaya kadzafuna kuthawa.